Tinungu ta Achemwali

Alamu anga ndi atelala, ndipo atha zaka makumi atatu pakhonde la sitolo akupalasa makina. Apatseni buluku long'ambika, akusokerani maso ali kumsewu. Koma za kudimba, ayi ndithu, duwa ndi chisoso kwa iwo n'chimodzimodzi. Kadimba ka kuseri kwa nyumba kanali ka achemwali anga.

Chaka chatha achemwali anafesa mbewu ya maluwa achilendo imene anawapatsa mnzawo wa kuntchito yochapa zovala. Pa kapepala kake panali chithunzi: duwa lofiirira logwetsa masamba pansi, pakati pali kamutu kobaya. Achemwali anawatcha tinungu. Anandiuza kuti chaka choyamba timangotulutsa masamba, kumasula n'chaka chachiwiri. Ndinawaseka kuti duwa lanji lochita kubwereza kalasi.

Chaka chachiwiricho chitangoyamba, sitiroko inawagwetsa akuyanika zovala. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanja itafa, pakamwa patatsala liwu limodzi lokha: madzi.

Alamu anakokera bedi pawindo loyang'ana kudimba. Anandiuza kuti adokotala sanalonjeze kanthu, koma iwo alonjeza kuti mkazi wawo aona tinungu take titamasula. Basi, m'mawa asanapite kuntchito ndowa ziwiri, madzulo ndowa ziwiri. Akamathirira, achemwali ankagogoda galasi ndi dzanja lamanzere.

"Madzi. Madzi."

"Ndamva, mayi, ndiwonjezera," alamu ankatero, n'kubwerera kumpopi akumwetulira. Mpaka ankandinyadira kuti iwo ndi mkazi wawo amamvana ndi liwu limodzi, pomwe ine ndi amuna anga timalongolola tsiku lonse osamvana. Ine chitsiru ndinkawathandiza kutunga. Zimandipweteka mpaka lero.

Masamba anayamba chikasu n'kulefuka. Alamu anati ndi ludzu, nawonjezera ndowa yachitatu. Achemwali anasiya kugogoda galasi, ankangotembenukira kukhoma.

Tsiku lina ndinagwira tsinde limodzi, linangozuka lokha. Mizu inali bii, yofewa, yonunkha ngati nsanza yoiwalika m'beseni. Mapando onse khumi ndi awiri anali choncho.

Kapepala kaja ndinakapeza sabata yatha m'chitini cha mabatani, ndikufuna singano. Kumbuyo kwake kunali zolemba za achemwali: "Dzuwa lambiri. Madzi pang'ono, nthaka ikauma basi. Akachuluka, mizu imaola."

Ndinafuna kukabisa m'thumba, koma alamu anali ataima kale kumbuyo kwanga, tepi ili m'khosi. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Ndinawauza kuti mbewu ina ipezeka, tifesanso. Tonse tikudziwa kuti tinungu timafuna zaka ziwiri, ndipo tonse tikuona mmene achemwali aondera, mphete yaukwati tinachita kuivula kuti ingataike.

Alamu analowa kuchipinda, nagwada pafupi ndi bedi.

"Kani mumandiletsa, mayi? Miyezi yonseyi?"

Achemwali anawayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira tsaya limodzi. Kenaka anatchula liwu lawo lija, chapansipansi.

Alamu anadzuka msanga monga anazolowera, anakatunga madzi m'kapu. Pobwera anaima pakhomo la chipinda, kapu ili m'manja, natembenukira kwa ine.

"Mlamu, tsopano ndiwapatse, kapena ndisawapatse?"

Nanenso sindikudziwa.