Kaseti ya Nambala Folo

Fuleti yathu ya ku Doornfontein, ku Joni, inkanunkha parafini wa hita ndi fumbi lopserera la mu TV yakale. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo chaka chimenecho sindinkapita kusukulu chifukwa mapepala anga sanali bwino. Amayi akamapita kuntchito kwa madamu awo ankanditsekera m'nyumba. Ndinkazungulira m'chipindamo ngati nkhuku yofuna kuikira: pawindo, pabedi, pawindonso, kumvetsera matakisi akulizirana mahutala pansi.

Kuzizira kutangoyamba, amayi anabwera ndi katoni yomwe madamu ankafuna kutaya. Munali makina akalekale a magemu ndi makaseti ake asanu otuwa, aliyense ndi nambala kumsana: wani, thuu, firii, faifi, sikisi. Kaseti ikakana ndinkaiuzira mpweya n'kuibwezeramo. Ndinasewera mpaka chala chinachita thuza, koma mtendere ndinalibe. Ndikawandanda pawindo, maso ankangothamangira pampata wa folo, monga lilime lichitira pomwe paguluka dzino.

Ndinawavutitsa amayi kuti tikaifune. Ndinadabwa atavomera, pakuti Loweruka linali tsiku lawo lokhalo lowongola msana. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkayenda m'mashopu a zinthu zakale, lero Troyeville, sabata inayo Mayfair, mphepo ikung'amba milomo, tikugawana chipisi chothira viniga papepala limodzi. Ine ndinkathamangira patsogolo kukavundula mabokosi a mawaya ndi marimoti. Iwo ankabwera pambuyo osafulumira, akundifunsa ngati ndikuwakumbuka azakhali a ku Balaka, ngati ndingathe kuchapa ndekha zovala zanga. Ndinkangoyankha kuti eya, mutu uli m'bokosi.

Loweruka lachiwiri ndinaiona folo ndi maso angawa, pashelefu m'kashopu ka a Saidi, bambo wa ku Mangochi wogulitsa mawailesi akale ku Mayfair. Amayi anandituma ndikagule magwinya, mandasi a ku Joni, panja iwo akukambirana mtengo. Pobwerera, pashelefu panalibe kanthu.

"Inali ndi mwini wake kale, mwanangu," anatero a Saidi, osandiyang'ana.

Ndinadana nawo bambo aja nyengo yonseyo. Tinapitiriza kusaka. Kaseti zina za folo tinkazipeza, koma zinali za mtundu wina, ndipo ine ndinkazikana.

Chakumapeto kwa Ogasiti amayi anandiuza kuti Lachisanu ndikwera basi ndi mayi wina wa kutchalitchi, ndikakhale kwa azakhali n'kuyamba sukulu. Iwo atsala ku Joni. Ndinalira, ndinakana kudya, ndipo pokwera basi sindinawabayibitse.

Ku Balaka, ndikutulutsa zovala m'chikwama, china chake chinagwa kuchokera m'juzi yanga. Inali folo, yokulungidwa m'mpango wa amayi. Ndinandanda makaseti onse sikisi pamphasa, okwana bwinobwino. Kwa azakhali kunalibe magetsi, choncho sindinaisewere konse.

Nthawi imeneyo ndinaganiza kuti amayi anaipeza tsiku lomaliza, ndipo ndinawakwiyira kuti anachedwa nayo. Ndinawafunsa patapita zaka zambiri, nanenso ndili mayi, tikusenda mbatata pakhonde. Anati anaigula kwa a Saidi tsiku lomwe lija, n'kuibisa m'sutikesi miyezi iwiri, tsiku la ulendo wanga akulidziwa kale.

"Ndikanakupatsa pompo, Loweruka linalo ukanatuluka nane?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Koma mwana wa zaka khumi uja ndinkamudziwa bwino, ndiye ndinangopitiriza kusenda.