A Bizwick ndi Mapepala a Maliro

A Bizwick Nakoma ndinawadziwa tikuthyola tiyi limodzi pa esiteti ina kufupi ndi Makwasa. Msana utayamba kukana dengu, anapeza ntchito yosesa pa wailesi yaing'ono ya m'dera lathu. Tsiku lina woulutsa mawu sanabwere, iwo n'kupatsidwa mapepala a maliro kuti awerenge. Anawerenga zaka khumi ndi chimodzi.

Anali ndi kawerengedwe kawokawo. Dzina la pachiphaso ankalitchula kamodzi. Kenako ankatchula dzina lomwe munthuyo ankadziwika nalo kumunda ndi kusikelo yoyezera tiyi, laini ya nyumba za antchito yomwe ankakhala, ndi kapitawo yemwe ankamuyang'anira. Akamaliza m'Chichewa ankabwereza m'Chilomwe. Uthenga umodzi unkadya mphindi zitatu. Ife a m'malaini sitinkadandaula. Kuno munthu umagwira naye ntchito mpaka imvi, dzina lake lenileni osalidziwa.

Chaka chatha kunabwera maphunziro a oulutsa mawu, atolankhani ndi okonza makina. Mkulu wa wailesi, mayi Hazel ochokera ku Lilongwe, sanabise mawu: wopanda satifiketi sadzakhalanso pa maikolofoni. A Bizwick analowa m'kalasi ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Kapumidwe anaphunzira. Kufunsa kaye mwini maliro asanaulutse anakuyamikira. Chinawavuta ndi wotchi. Mphunzitsi, a Leonard, ankafuna uthenga uliwonse uzitha m'masekondi makumi atatu: dzina, mudzi, tsiku loika.

"Madala, pano si pamanda, musamalalikire," anatero a Leonard tsiku lina.

"Aphunzitsi, inuyo mukadzamwalira tidzakuthamangitsani choncho. Enawa asiyeni ayende pang'onopang'ono."

Kalasi inaseka. Koma ntchitoyo a Bizwick ankaifuna. Masabata awiri ankayeserera kuseri kwa nyumba, wotchi ili m'manja, mpaka anakwanitsa.

Mayeso anali Lachisanu masana, wailesi ili pamphepo, anthu akumva. Pepala loyamba linayenda bwino. Lachiwiri linali la Rhoda Muliya. A Bizwick ankawadziwa mayiwa. Mayiwa anagwira ntchito ku nazale ya tiyi zaka zambiri, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a make Fainess. Fainess anamwalira kalekale. Abale ena anabwerera ku Mozambiki. Owaika m'manda anali anzawo a ntchito basi, ndipo mwa anzawowo panalibe wodziwa dzina loti Rhoda.

A Bizwick anawerenga masekondi makumi atatu aja. A Leonard anagwedeza mutu kuseri kwa galasi, n'kukweza dzanja kuti basi. A Bizwick analiona dzanjalo.

"Amene tikunenawa ndi a make Fainess a ku nazale," anatero, "aja a laini ya kumunsi kwa fakitale."

Anapitiriza mpaka kutchula kapitawo wa mayiwo, n'kubwereza zonse m'Chilomwe.

Loweruka kumaliro kunali anthu, ine ndinaliko. Lolemba mayina a okhoza anamatidwa pakhomo la wailesi. La a Bizwick panalibe. Mayi Hazel anawathokoza chifukwa cha zaka zawo, n'kuwapempha makiyi a situdiyo. Sindinganene kuti a Leonard analakwa. Ananeneratu zomwe ankafuna.

Pano a Bizwick ali kwawo ku Kapichi, akulima chinangwa, msana ukupwetekabe. Mauthenga amawerenga ndi mtsikana wa mawu abwino, ndipo sapitirira nthawi. Mwezi wathawu tinaika a Blackson, omwe a Bizwick anakhala nawo laini imodzi zaka zisanu ndi ziwiri. A Bizwick uthengawo anaumva pa wailesi, koma poti linangotchulidwa dzina la pachiphaso, sanadziwe kuti ndi ndani. Anabwera kudzapepesa patatha sabata.