Chokoleti imene Nalungwe anafesa

Ndinaganiza zochoka ku Misuku chaka chimene khofi wathu anagwidwa matenda. Nyumba inkadontha, ndipo msonkho sudikira munthu. Mkazi wanga Nalungwe sanakane. Tinapemphera limodzi, iye n'kundimangira nthochi zootcha pa kansalu. Khadi la chipani ndinaliika m'thumba la shati, poti popanda ilo ngakhale basi ya pa boma sukanakwera. Ndinadzera ku Nakonde n'kukafika ku Kitwe, m'dziko la Zambia.

Kumeneko ndinalembedwa ntchito yophika pa banja lina la ku Amereka, aphunzitsi a mishoni. Dona wa pakhomopo ndiye anandidziwitsa timibulu ta chokoleti, takuda, tosongoka pamwamba, tochepa kuposa njere ya khofi. Abale ake ankamutumizira kuchokera kwawo, ndipo ankatisunga ngati mankhwala. Tinkatithira m'mabisiketi ndi m'buledi wa nthochi. Mu uvuni timafewa koma sitisungunukiratu. Ukanyema bisiketi umatipeza tili pamalo pake. Pofuna kupaka pa keke, umatisungunula m'mbale yosanjika pa madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa timapserera n'kuyamba kuwawa.

"Muli mafuta ndi shuga," ankatero dona, "n'chifukwa chake timapatsa mphamvu msanga. Takuda kwambiri timathandizako magazi pang'ono. Koma si chakudya choti munthu n'kukhalira chokha."

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Lamulungu anthu akamaimba m'Chibemba, ine ndinkatsatira chapansipansi m'chinenero chathu. Ndalama ndi sopo ndinkapatsira Simbeye, mnyamata wa kwathu amene ankayendetsa lole, ndipo iyeyo ndiye ankabwera ndi nkhani za kumudzi.

Ulendo wina Simbeye anakhala pansi osavula chipewa. "Achimwene, alamu apita padera. Chigonere, ndipo chakudya akukana."

Tchuthi changa chinali kutali, ndipo kuchoka chabe kukanandichotsetsa ntchito. Dona atamva, anadzaza kachitini ndi timibulu tija. Ndinapatsira Simbeye kachitiniko kuti akauze Nalungwe azidya pang'onopang'ono, mwina kukamwa kungatseguke. Koma Simbeye anakasiya kachitiniko pa boma kwa wogulitsa m'sitolo, wa m'sitolo n'kupatsira mkulu wa mpingo amene ankakwera ku Misuku. Kachitini kanafika, mawu anatsala m'njira.

Miyezi imeneyo ndinkaphika makeke a ana a eni ake mtima uli kumapiri. Sindinkadziwa ngati ndikampeza wamoyo.

Tsiku limene ndinabwerera, ndinakwera kanjira ka kwathu. Ndinkamvetsera ngati kukumveka kulira. M'malo mwake ndinamuona Nalungwe akuchokera ku kasupe, ndowa ili pamutu. Anali atatha thupi, koma akuyenda yekha.

Titalonjerana, anagwetsa nkhope. "Bambo, bwerani muone. Ndakulakwirani."

Ananditengera kuseri kwa nthochi. Panali nazale yokonzedwa bwino, ya mthunzi wa udzu, mizere yake yowongoka monga timachitira ndi khofi. Panalibe chomera ngakhale chimodzi.

"Mbewu zanu zija sizinamere. Ndathirira m'mawa uliwonse. Kapena dothi lathu lazizira? Nyerere zokha ndiye zinasangalala."

Apo ndinazindikira kuti akunena timibulu tija. Kenaka ndinafunsa, "Simunalaweko?"

Anandiyang'ana ngati ndayamba kumwa mowa ku Kitwe. "Kulawa mbewu? Kodi kwathu kuno munaonapo munthu akudya mbewu, ngakhale pa njala?"

"Nanga munadzuka bwanji, poti ndinamva kuti muli gone?"

"Ndikanatani? Mbewu yochokera kutali, munthu waikhetsera thukuta, ine n'kuisiya iume? Tsiku loyamba ndinachita kukwawa. Kenaka ndinaona kuti ndowa sinyamulika ndi njala, ndiye ndinayamba kudya."

M'chikwama changa munali timibulu tina tochepa. Ndinatitulutsa. Ndinakanya nthochi zakupsa ndi ufa ndi mazira, ndinathiramo timibulu tija iye akuona, n'kuphika mumphika, makala pansi ndi pachivundikiro. Ankangonditsata ndi maso. Buledi atapsa ndinamunyemera, chokoleti ikadali yofewa.

Anatafuna pang'onopang'ono, n'kuleka. "Bambo a Msukwa, ndiye kuti ine nthawi yonseyi ndakhala ndikuthirira switi?"

Anaseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola, n'kugwira dzanja langa. "Musakanene kutchalitchi. Amayi a chigwirizano ankabwera kudzaona ngati zamera." Atatero anapempha chidutswa china.

Ku Kitwe sindinabwerereko. Ndinkaganiza kuti wothandiza banja ndine, amene ndinkatumiza zinthu kuchokera kutali. Dona ananena zoona kuti timibulu tija timapatsa mphamvu, koma ife tinkaganizira za m'mimba. Mulungu anadzera njira ina: anampatsa munthu wosweka mtima chinthu choti adzukire m'mawa.

Mu nazale ija Nalungwe anafesamo khofi, ndipo anamera yense. Tinakhala limodzi zaka zambiri mpaka Ambuye anamuitana. Mitengoyo ilipo, pamwamba pa kasupe. Chilimwe chikakula ndimatenga ndowa yake ija n'kukaithirira m'mawa, ngakhale anthu amati mitengo yaikulu chotero sifuna kuthirira.