Ndamuthetha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikuphunzira pasukulu ina ya pulayimale ku Coolock, pamene phungu wa dera lathu anatula pansi udindo nthawi yake isanathe. Boma linaitanitsa chisankho chapadera. Chaka chomwecho bambo anga anali atangolandira unzika wa dziko la Ireland, patatha zaka zambiri akudikira makalata. Amayi anali adakali pamzere. Choncho m'nyumba mwathu munali voti imodzi yokha, ndipo bambo ankaisamala ngati dzira.

Kwathu ku Ntcheu bambo anali mphunzitsi wamkulu. Kuno ku Dublin ankakolopa m'nyumba ina yosungiramo katundu, koma Amalawi onse ankawatchabe Aphunzitsi. Wofuna kulemba kalata ya ku boma ankabwera kwathu. Wosamvetsa zimene wailesi yanena ankabwera kwathu. Bambo ankakhala pampando wawo wa pawindo, magalasi ali pamphuno, n'kumamasulira dziko la eni ake ngati anabadwiramo. Nyumba, sukulu ndi ulemu wonse anazisiya ku Ntcheu. Chimene anawoloka nacho nyanja ndi dzina limenelo basi.

Ine dzinalo linkandiwawa, chifukwa mwana wasukulu amene anawatsalira ndinali ine ndekha. Loweruka lililonse m'mawa, anzanga akuonera makatuni, ine ndinkalemba tsamba lathunthu la Chichewa. Pamene ndakhoza ankachonga, pamene ndalakwa ankathetha, ndipo kuthetha kwawo kunali kwa mtima wonse, X wamkulu wong'amba pepala. Zikanathera pomwepo bwenzi ndikupirira. Koma alendo akabwera, bambo ankatulutsa kope lija n'kumawerenga zolakwa zanga mokweza. Tsiku lina ndinalemba kuti "bambo wanga wabwera", ndipo anauza anthu odzaza pabalaza kuti mwana wawo wawasandutsa mnzake wosewera naye fulaye. Anthu anaseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, koma ndinazisunga.

Mwa opikisana pachisankhocho munali mkulu wina amene Amalawi anamupatsa dzina loti Chipewa, chifukwa pazithunzi zake zonse anavala kachipewa. Nkhope yake inali pamapolo a magetsi kuyambira pakhomo pathu mpaka ku Beaumont. Uthenga wake unali umodzi: dziko ladzaza, obwera abwerere kwawo. Anthu ake anagogodapo pakhomo pathu, ndipo amayi atatsegula, anthuwo anawafunsa ngati eni nyumba alipo. Pawailesi ankanena kuti mpando ndi umodzi wokha, koma dziko lonse likuyang'ana dera lathu, chifukwa zimene anthu angachite pachisankho chaching'onochi n'zimene adzachite pachisankho chachikulu.

Kusukulu, aphunzitsi athu anapezerapo mwayi wotiphunzitsa kavotedwe ka kuno. Munthu sachonga dzina limodzi ngati kwathu. Amalemba 1 pa amene akumufuna kwambiri, 2 pa wotsatira, 3, mpaka pamene watopera. Tinayeserera posankha zipatso. Mnzanga wina anangolemba X pa nthochi, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti pepala lotere salitaya: ngati pali chizindikiro chimodzi chokha pa dzina limodzi, owerenga amati munthuyo wasankha ameneyo, n'kumupatsa ngati nambala wani.

Ndinabwera nako kunyumba kapepala kofotokoza zonsezi. Bambo sanakayang'ane n'komwe.

"Iwe Tadala, ine kwathu ndayang'anirapo zisankho m'kalasi mwanga momwe. Lero ndiphunzitsidwe kuvota ndi mwana wa fifth class?"

Ndinakapinda kapepalako n'kukabweza m'chikwama.

Tsiku lovota linali Lachisanu, ndipo sukulu yathu anaitseka chifukwa ndi momwe ankavoteramo. Bambo anavala suti yawo yakuda ya kutchalitchi, napukuta nsapato, nanditenga kuti ndikaone mmene nzika imachitira. Ndinawadikira pakhonde, pafupi ndi pamene tinkapachika majekete athu. M'holo munkanunkha mankhwala okolopera. Sanachedwemo. Anatuluka chifuwa chili patsogolo, ndipo titangodutsa pageti anandigwira phewa.

"Ndamuthetha," anatero.

Ndinawafunsa kuti nanga ena aja awapatsa manambala anji. Anayankha kuti palibe ngakhale mmodzi amene anamuona woyenera kumuchonga, onse ndi andale basi. Iwo anapitira munthu mmodzi, ndipo pa dzina la Chipewa anaikapo X wamkulu mpaka pensulo inatsala pang'ono kuthyoka.

Ndinadziwa pomwepo. Sindinganame kuti ndinali mwana wosazindikira. Chimene ndinamva sichinali mantha, koma kachimwemwe koipa kamene ndimakakumbukira mpaka lero. Tinali awiriwiri mumsewu, kamvula kakuwaza, panalibe wina womva. Ndinatseka pakamwa. Bambo anandigulira tchipisi pashopu ya pakona, ndipo ndinadya tonse osawagawirako.

Mavoti anawerenga mawa lake. Pofika masana pabalaza pathu panali patadzaza, wailesi ili patebulo. Panali a Kachingwe, oyendetsa basi, amene kwa zaka zambiri ankalakalaka kuti anthu azifunsa iwo m'malo mwa bambo. Panalinso anti Mutale a ku Zambia, namwino wa pachipatala cha Beaumont, amene anabwera molunjika kuchokera kuntchito. Ine ntchito yanga inali yozungulira ndi mbale ya mandasi.

Chipewa sanapambane, koma palibe amene anaomba m'manja. Mavoti ake anachuluka kuposa mmene aliyense ankaganizira, mpaka anaposa munthu wa chipani cholamula. Akatswiri a pawailesi anati zipani zikuluzikulu zaona, ndipo posachedwa ziyamba kulankhula ngati iyeyo kuti zikope anthu amene anamuvotera. Anti Mutale anati chimene chikuwapweteka n'chakuti mavoti amenewo sanagwe kumwamba. Ena mwa anthuwo ndi omwe iwo amawasambitsa m'chipatala, ena ndi oyandikana nawo nyumba amene amawapatsa moni m'mawa uliwonse.

"Ba Teacher, manje tizachita bwanji?" anafunsa.

Bambo anaimirira, monga ankachitira nthawi zonse akafunsidwa. Analankhula bwino tsiku limenelo, sindingawanamizire. Anati mantha sathandiza, chofunika n'chakuti aliyense alimbikire mapepala ake, alandire unzika, akalembetse, chifukwa wandale amaopa munthu wokhala ndi voti. Anati iwo mbali yawo achita. Kenaka anafotokoza za X uja, akujambula m'malere ndi dzanja lonse, ndipo anthu anasekerera koyamba masana onsewo.

Ndinaika mbale ya mandasi pansi. Ndinayamba m'Chingerezi, monga tinkachitira ana onse okulira kuno, koma mawu anga anamira m'phokoso. Ndiye ndinabwereza m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndi ulemu wonse umene anandiphunzitsa okha, osalakwitsa ngakhale liwu limodzi.

"Bambo, X ameneyo amuwerenga ngati number one. Inuyo mwavotera Chipewa."

Bambo anaseka pang'ono n'kunena kuti ana a masiku ano amalota masana. Koma a Kachingwe anali atatulutsa kale foni. Anafufuza, nawerenga mokweza m'Chingerezi, nabwerezanso kachiwiri ngakhale aliyense anali atamva.

"Ndiye ife tikuvutika kufunafuna azungu amene avotera Chipewa," anatero a Kachingwe, "osadziwa kuti campaign manager wake watiitanira tiyi."

Anthu amene akhala ndi mantha tsiku lonse akapeza choseka, amaseka moipa. Wina anatsamwa ndi mandasi. Anti Mutale anayesa kubisa nkhope m'mpango, koma mapewa ankagwedezeka. Ine ndinaima pakati pawo ndikumva kukoma. Bambo sanayang'ane aliyense wa iwo. Anavula magalasi n'kuyang'ana ine.

"Unadziwa liti?"

"Dzulo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho lolondola, nakhala pansi. Sanandimenye, sanandikalipire, ngakhale alendo atapita. Amayi ndi amene anandikokera kukhitchini n'kundifunsa chifukwa chimene sindinawauzire bambo panjira, tili awiri. Ndinayankha kuti voti inali itaponyedwa kale, kuwauza sikukanasintha kanthu. Amayi anati sankadziwa kuti akulera munthu wotere.

Nkhani inafika ku Crumlin, kumene tinkapemphera, ife tisanafike. Pasanathe mwezi dzina la Aphunzitsi linali litafa. Anthu akuluakulu, ena oti bambo anawalembera makalata amene anawapulumutsa kuti asabwezedwe kwawo, anayamba kuwatcha a Number One. Ankawatchula choncho pamaso pawo, mwaulemu, akuwagwira chanza ndi manja awiri. Mafomu anayamba kupita kwa a Kachingwe. Zimene ananena akatswiri a pawailesi zinachitikadi: zipani zina zinayamba kulankhula zouma pa nkhani ya obwera, ndipo Chipewa akaoneka pa TV foni ya bambo inkalira, wina akuwayamikira kuti munthu wawo akuchita bwino.

Loweruka lotsatira ndinakhala patebulo ndi kope langa, koma bambo sanabwere. Sanabwerenso Loweruka lina lililonse. Kalata ikabwera, ya kuchipatala kaya ya kukhonsolo, ankaiika patsogolo panga osaitsegula n'kunena kuti ndiwerenge ine wodziwa. Poyamba ndinkayesa chilango chimene chidzatha. Patapita zaka ndinazindikira kuti sichinali chilango. Bambo anali atasiya kudzikhulupirira pa pepala lililonse la dziko lino.

Ndinapepesa ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anandiyankha mofatsa kuti palibe chopepesa, ndinanena zoona. Yankho limenelo linandipweteka kuposa mbama.

Pachisankho chapitachi ndinawaperekeza onse awiri kusukulu yomwe ija, poti amayi nawo ndi nzika tsopano. Amayi analowa. Bambo anaima kunja kwa geti atanyamula chikwama cha amayi, monga achitira pachisankho chilichonse kuyambira chaka chija, khadi lawo lovotera lili kunyumba. Mayi wina wachizungu, wamtima wabwino ndithu, anaima n'kuwauza kuti asataye mtima, akadzalandira unzika nawonso adzavota. Bambo anamuthokoza kwambiri. Ine ndinali pambali pawo.

Voti yolakwika ija inali imodzi, ndipo sinasinthe chilichonse pa zotsatira. Zimenezo ndinazidziwa kalekale. Chimene ndachimvetsa mochedwa n'china. Chipewa anakhoma zithunzi dera lonse, anagogoda khomo ndi khomo, kufuna kuti anthu ngati bambo anga asakhale ndi mawu m'dziko lino, ndipo kwa bambo analephera, chifukwa anavala suti n'kupita kukavota. Amene ndinawachotsa pamzere wa ovota ndine, mwana wawo, ndipo ndinadikira tsiku lathunthu kuti anthu ayambe asonkhana.