Kanyale kofiira m'kofia ya bambo

Ufulu utangobwera m'dziko la eni limene tinakulira, kufakitale ya mawailesi ku Belmont anayamba kutilola ife akuda kulowa m'chipinda choyesera zida. Ine ndinkawotcherera mawaya, ndipo anandisankha kuti ndiziphunzira za makompyuta tikaweruka. Bambo anakana. Mwana wamkazi azichedwa panjira chifukwa cha chinthu chosadziwika? "Ndichione kaye," anatero. Tsoka ilo, maso awo anali atachita ng'ala, ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Mphunzitsi anandibwereka kabolodi ka kompyuta, kosaposa chivundikiro cha poto, nandiuza kuti ndikakawotcha ndisabwererenso. Loweruka masana ndinakayala patebulo kwathu ku Mabutweni. Pa pini yotulutsa magetsi ndinalumikiza rezisita, kanthu kamizeremizere konga njere ya mpunga, kamene kamachepetsa mphamvu. Kenako kanyale ka LED, mwendo wautali ku rezisita, waufupi ku giraundi, waya wobwererako magetsi. Nditalowetsa malamulo pa timabatani, kanyale kanayamba kuphethira, kofiira psuu.

"Chayamba?" anafunsa bambo. "Ine sindikuona kanthu."

Mchimwene wanga, katswiri wa zonse amene sanakonzepo ngakhale tochi, analumphira. "Khipha, chotsa kampunga kako, sisi! Kakudya moto. Faka dayirekiti, lumikiza popanda iko, kawale ngati nyale ya sitima."

Sananame. Kakanawaladi kwa kanthawi, kenako kanyale kapena pini n'kupsa, maphunziro anga n'kupsera pomwepo. Koma bambo akapanda kuona, maphunzirowo anali atatha kale. Ndinachita mantha. Mchimwene atatambasula dzanja ndinalimenya, phaa! "Kagwire uone!"

Bambo sanathetse mkanganowo ndi mawu. Anavula kofia yawo, anapapasa mpaka anapeza kabolodi, navindikira kanyale, kusiya kampata ka diso limodzi. Anawerama.

"Chayaka," ananong'ona. "Chazima. Chayakanso! Akuzimitsa ndani?"

"Palibe, bambo. Ndachiuza ine kuti chizitero."

"Bweretsa manja."

Anagwira manja anga onse awiri zolimba, ngati agwira wakuba, diso lili m'kofia. Kanyale sikanasiye. Malamulowo ndinalemba ndine, koma thupi langa linachita tsembwe. Kuwala kochepa chonchi, koyatsidwa ndi kapini konga singano, kunali kutadutsa ng'ala imene inabisa ngakhale nkhope ya mayi. Mpaka lero ndimazizwa nazo.

Bambo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata, nakalamba akukalipiridwa m'Chilapalapa, chinenero chimene mabwana ankalamulira nacho antchito akuda. Anadzuka pang'onopang'ono, manja anga asanawataye.

"Moyo wanga wonse ndakhala wotumidwa," anatero. "Iwe ukutuma magetsi, ndipo akukumvera."

Anavala kofia, natembenukira kumene kunkamveka mpweya wa mchimwene wanga.

"Iwe wa nyale ya sitima, kuyambira Lolemba uzikamudikira mlongo wako pageti la fakitale."