Madala Ogogoda Phiri Asanatchetche

Madala amene amatchetcha kapinga patchalitchi pathu ku Shurugwi ngosangalatsa kuwaonera. Tchalitchicho chili paphiri, ndipo akakwera kathirakitala kotchetchera amakhala mowongoka ngati mkwati. Amakwera molunjika, n'kutsika molunjika, pang'onopang'ono, koma kudutsa chopingasa amakaniratu. "Phiri uzilipatsa nkhope. Ukalipatsa nthiti likugubuduza," amatero. Mame asanaume sayatsa injini. Ndipo asanakwere amayamba ayenda pansi, akugogoda nthaka ndi ndodo yachitsulo monga ankagogodera denga mumgodi.

Lachisanu pa 8 Malichi 2024, kutatsala tsiku limodzi kuti mwana wawo Noria akwatiwe, akazi awo anatopa nazo.

"Bambo a Noria, kodi mukufuna golide? Kwerani mutchetche, alendo akubwera!"

Madala anapitiriza kugogoda. Atafika pakati pa mtsetse, ndodo ija inangomira yonse, dothi n'kugumukira mkati! Makorokoza, anthu okumba golide mozemba, anali ataboola mphanga pansi pake.

Madala anasuzumira m'dzenjemo, kenako anaseka mpaka misozi.

"Mayi a Noria, mpunga mwagula uja mukanaphikira maliro!"