Zimene Anaona Osambitsa Bambo

Bambo anga anawapeza atafa m'mabango, kumtunda kwa doko la Kachulu, ine ndili kamtsikana ka kupulaimale. Bwato lawo linali pambali, ukonde wa matemba uli momwemo. Dzulo lake anali atakangana ndi amjomba, mlongo wawo wa mayi, polimbirana ukonde womwewo, ndipo doko lonse linamva amjomba akuti, "Muona."

Kwathu ndife Asilamu, maliro sagona. Wapolisi wofufuza milandu pofika kuchokera ku Zomba m'mawa mwake, anapeza taika kale. Anafunsa amuna amene anasambitsa thupi, koma onse anangoti duu. Mwambo wake ndi womwewo: chimene waona posambitsa munthu, suulula. Anthu anamasulira okha kuti ngati akubisa, ndiye kuti panali bala. Mayi sanapondenso pakhomo pa amjomba. Ine ndinakula ndikuzemba pamsika munthu amene ankandigulira zitumbuwa, ndipo zinkandiwawa.

Wapolisi uja anabweranso ine ndili kale ndi ana akuluakulu. Anali atapuma pantchito, imvi zili mbuu, akutsimphina. Anati mlandu wathu unkamusowetsa mtendere zaka zonsezi. Mwa osambitsa aja panatsala mmodzi, nkhalamba yosaona, yokhala m'dera la mfumu Mwambo. Tinapitako atatu, mayi tinawakweza kabaza.

Wapolisi sanaopseze munthu. Anakhala pamphasa n'kunena kuti, "Bambo, mwambo munausunga ndithu. Koma taonani, munthu ndi mlongo wake akukalamba osapatsana moni."

Nkhalambayo inatembenukira kumene kunkachokera mawuwo.

"Bala la chikwanje panalibe," inatero. "Anali atapsa kuyambira paphewa mpaka kuphazi. Inali mphenzi, ya mvula ija inagwa mamawa. Tinapangana kuti tisanene, poti anthu akuno timawadziwa."

Mtima wanga unati myaa. Ndinayamba kale kuganiza za shuga ndi sopo woti ndikawatengere amjomba. Wapolisi anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

Mayi anakonza mpango wawo, maso ali pansi.

"Ndinkadziwa ine," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti mlongo wanga anachita kuwatumizira mphenziyo."

"Amayi, mphenzi imabwera ndi mvula," ndinatero mokwiya.

"Asodzi anali mbwee panyanja tsiku limenelo," anandiyankha. "Inasankha bwanji mmodzi?"

Nkhalamba ija inangogwira kumaso ndi manja onse awiri. Wapolisi tinamuperekeza kukakwera minibasi, ndipo panjira anandipepesa kuti watidzutsira zogona.

Amjomba anamwalira nthawi yokolola mpunga. Mayi tsiku limenelo anapita kumunda monga mwa masiku onse. Kumaliroko ndinapita ndekha.